Mkombero ndi Nambala Yake Yosatha

Munthu wofuna kumanga nyumba yozungulira, monga ankamangira makolo, sayamba ndi kuimika mitengo iai. Amayamba walambula malo, nakhoma chikhomo pakati. Pa chikhomocho amangapo luzi, ndipo ku nsonga ina ya luzilo amangako kamtengo kosongoka. Tsono akoka luzi lija kuti likungike, nayenda mozungulira chikhomo, kamtengo kali kulemba pansi, kufikira atabwerera pomwe anayambira. Mzere umene watsala pa dothipo ndiwo mkombero, ndipo m'menemo ndimo adzakumba maenje a nsichi.

Kapena mmisiri ameneyu sanapondepo m'kalasi, koma chimene wachitacho ndicho chomwe akatswiri a masamu amaphunzitsa: mkombero ndi mzere umene malo ake onse atalikira mofanana ndi pakati pake. Chimene sadziwa n'chakuti mu mzere walembawo mwabisala nambala ina imene anthu anzeru a mitundu yambiri akhala akuilondola zaka pafupifupi 4,000, osafika pothera pake. Phunziro lino likamba za nambala imeneyi: kuti ndi yotani, ithandiza chiyani, ndiponso chimene iphunzitsa munthu pa za nzeru zake zomwe.

KATATU NDI KANTHU PANG'ONO

Chinthu chilichonse chozungulira chili ndi miyeso iwiri yaikulu. Woyamba ndi wa m'mimba mwake, ndiko kuti mtunda wochokera kumphepete kwina kufika kumphepete kwinako, podzera pakati penipeni. Wachiwiri ndi wa kuzungulira kwake. Munthu akatenga chingwe nazunguza nacho mbale, kenaka nachitambasula, n'kuchilinganiza ndi m'mimba mwa mbaleyo, adzapeza kuti m'mimbamo mulowa katatu m'chingwecho, ndipo patsala kachidutswa kakang'ono. Ayese lichero, ayese pakamwa pa ndowa, ayese gudumu la njinga, yankho lidzakhala lomwelo: katatu ndi kanthu pang'ono. Chikakula chinthucho, kachidutswa kaja kakulanso molingana nacho. Chikachepa, nakonso kachepa.

Katatu ndi kanthu pang'ono kameneka ndiyo nambala yotchedwa pai, imene ilembedwa ndi lemba la Chigiriki lakuti π. Woyamba kuilemba motero anali William Jones, wa ku Wales, m'chaka cha 1706, ndipo Leonhard Euler wa ku Switzerland atayamba kugwiritsa ntchito lembali m'mabuku ake, onse anamtsata. Kuyamba kwa nambalayi ndi 3.14159, ndipo manambala a patsogolo pa kadonthowo apitirirabe.

Kuti pai ipambana 3 koma sifika 4, ngakhale mwana angathe kudzionera yekha pa mchenga. Luzi lomwe lija linalemba mkombero, ndilo theka la m'mimba mwake. Munthu akaliyala molunjika kuchokera pa malo ena a mkomberowo kufika pa malo ena, nachita chomwecho motsatana, adzaona kuti lilowa kasanu ndi kamodzi ndendende, ndipo m'kati mwa mkombero mupangika chithunzi cha mbali 6 zofanana. Matheka 6 ndiwo m'mimba mutatu. Koma mkombero sudzera njira yolunjika ngati luzilo. Uyenda mokhota kunja kwake, ndipo njira yokhota italika kupambana yolunjika. Motero pai ipambana 3. Ndiponso akalemba kunja kwa mkombero chithunzi cha mbali zinayi zofanana, mbali iliyonse ikukhudza mkomberowo, kuzungulira kwa chithunzicho ndi m'mimba munayi, ndipo mkombero uli m'kati mwake, wadula ngodya zonse zinayi. Motero pai sifika 4.

Wina anganene kuti kanthu pang'onoko n'kopanda pake, angowerenga katatu basi. Koma taonani mmisiri amene walemba nyumba ya mamita 7 m'mimba mwake. Akawerenga katatu, adzakonza mbaliro zokwana mamita 21, pamene khoma lifuna mamita 22. Padzatsala mpata wa mita yathunthu, woti n'kulowapo fisi. Chimodzimodzi mwini nkhokwe ya mamita 2 m'mimba mwake ndi mamita 2 msinkhu wake. Powerenga ndi 3 adzati mulowa malita 6,000, pamene zoona zake mulowa malita 6,280 ndi pang'ono. Kusiyana kwake ndi ndowa 14 za malita 20, ndipo m'mwezi wa Febuluwale palibe banja limene linganene kuti ndowa 14 n'kanthu kochepa.

Palinso chinthu china chimene mwini nkhokwe ayenera kudziwa. Pofuna kupeza kukula kwa malo a m'kati mwa mkombero, atenga theka la m'mimba, nalichulukitsa ndi ilo lomwe, kenaka achulukitsa ndi pai. Kutanthauza kwake n'kwakuti nkhokwe ikatalika kawiri, mulowa chimanga chochuluka kawiri. Koma ikakula kawiri m'mimba mwake, mulowa chochuluka kanayi. Lamulo lomweli ligwira pa mphika, pa mgolo ndi pa chitsime.

MKOMBERO M'ZOLENGEDWA

Zozungulira sizichita kufunafuna, zili paliponse. Mwana akaponya mwala padziwe, timafunde tichoka pamene mwala wagwera, tonse tili mikombero, pakuti madzi alibe mbali imene aikondera: funde lithamanga mofanana kumka kummawa, kumadzulo, kumpoto ndi kumwera. Mtengo nawonso uwonjeza nyama yake mbali zonse, ndiye chifukwa chake thunthu lake lili lobulungira. Anthu osamala nkhalango sachita kuugwetsa kuti adziwe m'mimba mwake. Azunguza thunthu ndi chingwe choyezera, nagawa ndi pai. Utawaleza umene uoneka ngati uta ndi gawo chabe la mkombero wathunthu. Gawo lam'munsi libisika ndi nthaka, koma okwera ndege nthawi zina auona wonse. Dziko lapansi lomwe, m'mimba mwake pa ikweta ndi makilomita 12,756, ndipo kuzungulira kwake pamenepo ndi makilomita 40,075. Wogawa nambala yachiwiriyi ndi yoyambayo adzapeza pai yomwe ija ya pa lichero.

Pali chifukwa chachiwiri chimene zozungulira zichulukira, ndicho chakuti mkombero sutaya kanthu. Munthu ali ndi mitengo yokwanira kuzinga khola la mamita 40 kuzungulira kwake. Akalimanga lalitali, mamita 15 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi, ng'ombe zake zipeza malo a masikweya mita 75. Akalimanga la mbali zinayi zofanana, zipeza 100. Koma akalimanga lozungulira, zipeza 127, mitengo ili yomweyo. Pa zithunzi zonse zofanana kuzungulira kwake, chozinga malo aakulu koposa ndi mkombero. Agiriki akale anazidziwa zimenezi, ngakhale kuti umboni wake wosatsutsika unakwanira m'zaka za m'ma 1800. Chomwechonso thovu la sopo ndi kadontho ka mame zibulungira ngati mpira, chifukwa khungu la madzi lidzikoka lokha kuti lichepe, ndipo mpira ndiwo usunga zambiri m'khungu lochepa.

Komatu kukonda mkombero kunasokeretsanso anthu anzeru. Popeza Agiriki ankauyesa chithunzi changwiro kupambana zonse, anaganiza kuti zam'mwamba sizingayende njira ina koma yozungulira ndendende, ndipo kwa zaka pafupifupi 2,000 akatswiri a nyenyezi anali kusanjikiza mikombero pa mikombero kuti mawerengedwe awo agwirizane ndi zimene maso anali kuona. Johannes Kepler, atavutika zaka zambiri ndi kayendedwe ka Mars, analengeza m'chaka cha 1609 kuti njira yake pozungulira dzuwa si mkombero weniweni, koma ndi wophwatalala pang'ono. Anasiya chimene mtima wake unakonda, natsata chimene miyeso inanena. Ngakhale zili tero, woyeza kukula kwa njira yophwatalalayo asowanso pai.

MKOMBERO PAKATI PA ANTHU

Zimene anthu anaona m'zolengedwa anazitengera m'ntchito zawo ndi m'miyambo yawo. M'mapanga a ku Chongoni, m'boma la Dedza, muli zithunzi zofiira zimene Akafula analemba pa matanthwe kalekale, ndipo zambiri mwa izo ndi mikombero, ina yokhala m'kati mwa inzake. Bungwe la UNESCO linaika malo 127 a kumeneko pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Pabwalo la m'mudzi, kaya ndi pa gule kaya ndi pa mlandu, anthu saima m'mizere koma azungulira, kuti aliyense aone nkhope ya mnzake ndi kumva mawu ake.

Ku maiko ena nakonso n'chimodzimodzi. Gudumu la ngolo linayamba kuoneka ku Mesopotamia ndi mbali zina za Ulaya zaka pafupifupi 3,500 Kristu asanabadwe, ndipo kufikira lero makina ambiri adalira chinthu chozungulira. Anthu a ku Babiloni ankawerenga m'magulu a 60, ndipo kwa iwo ndiko kunachokera mwambo wogawa mkombero m'madigiri 360, ndi ola m'mphindi 60. Mu mzinda wa Roma muli nyumba yotchedwa Pantheon, imene inamangidwa pa ufumu wa Hadrian, cha m'ma 125. Denga lake ndi lobulungira, mamita 43 m'mimba mwake, ndipo kuchokera pansi kufika pa nsonga ndi mamita 43 omwewo, kotero kuti mpira wa msinkhu umenewo ungakwane bwino lomwe m'katimo. Papa Boniface IV anaidalitsa m'chaka cha 609 kuti ikhale tchalitchi, ndipo ikali chiimire. Mphete imene akwati avekana pa guwa ndi mkombero nayonso: popeza ilibe poyambira ndi pothera, anthu aonamo chizindikiro cha pangano losaduka.

M'Malembo Oyera momwe muli nkhani yokhudza nambala yathuyi. Buku Loyamba la Mafumu, pa mutu 7, lisimba za thawale lalikulu lamkuwa limene mmisiri Hiramu wa ku Tiro anapangira Nyumba ya Mulungu pa nthawi ya Solomoni. Miyeso yake inalembedwa kuti mikono 10 m'mimba mwake, ndi mikono 30 kuzungulira kwake. Ena aseka pamenepa, nati bukulo lalakwa masamu, popeza panayenera kukhala mikono 31 ndi kanthu. Koma mlembi uja sanali kuphunzitsa masamu. Anali kufotokoza ukulu wa chiwiya, monga munthu amene ati ulendo ndi wa maola atatu, osawerenga mphindi zotsalira. Amisiri ambiri a nthawi imeneyo ankawerenga katatu, ndipo pa ntchito zambiri kunali kokwanira.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Kulondola kanthu pang'ono kaja sikunali ntchito ya munthu mmodzi kapena mtundu umodzi. Phale lina ladothi la masiku a Babiloni, limene linafukulidwa ku Susa m'chaka cha 1936, lisonyeza kuti alembi akumeneko ankadziwa 3 ndi gawo limodzi la magawo 8, ndiye kuti 3.125. Ku Ejipito, zaka pafupifupi 1,550 Kristu asanabadwe, mlembi wina dzina lake Ahmes anakopera buku la masamu pa gumbwa, ndipo chigawo chake chachikulu chisungidwa ku British Museum, mu mzinda wa London. Mwa mafunso a m'bukumo muli a nkhokwe zozungulira ndi a munda wozungulira. Njira ya Ahmes inali iyi: pa m'mimba mwa mkombero achotsapo gawo limodzi la magawo 9, ndipo chotsalacho achichulukitsa ndi icho chomwe. Munda wa miyeso 9 m'mimba mwake, pochotsa umodzi patsala 8, ndipo 8 kuchulukitsa ndi 8 ndi 64. Yankho loona ndi 63.6. Mwa njira imeneyi pai ya Aejipito inali 3.16, ndipo chinawakakamiza kuifuna ndi chakudya ndi msonkho, osati kungosewera ndi manambala iai.

Amene anasintha zonse ndi Archimedes, wa mu mzinda wa Syracuse pa chisumbu cha Sicily, amene anafa m'chaka cha 212 Kristu asanabadwe. Iye sanayese mbale ndi chingwe, koma anazinga pai monga alenje azinga nyama. Anayamba ndi chithunzi cha mbali 6 m'kati mwa mkombero, ndi china cha mbali 6 kunja kwake. Cham'katicho chichepa, chakunjacho chikula. Choncho mkombero uli pakati pa ziwirizo. Tsono anawirikiza mbali zija kuti zikhale 12, kenaka 24, kenaka 48, ndipo potsiriza 96, mpata wa pakati ukuchepachepa. Motero anasonyeza kuti pai ipambana 3 ndi magawo 10 a magawo 71, koma ichepa pa 3 ndi gawo limodzi la magawo 7. Ukulu wa ntchito yake uli apa: sananene kuti wapeza pai, koma ananena malire awiri amene pai singathe kuwalumpha. Olemba mbiri akale asimba kuti pamene Aroma analanda mzindawo, msilikali wina anampeza ali kusinkhasinkha pa zithunzi zake, namupha. Pa manda ake anajambulapo mpira uli m'kati mwa mgolo, monga iye mwini anapempha, ndipo Cicero anawazindikira mandawo ndi chizindikiro chimenechi m'chaka cha 75 Kristu asanabadwe, atamera zitsamba.

Malire apamwamba a Archimedes ndiwo 22/7 imene ana aphunzira kusukulu. Ambiri atuluka sukulu akuyesa kuti 22/7 ndiyo pai yeniyeni, koma si choncho: 22/7 ndi 3.1428, pamene pai ndi 3.1415. Pa nyumba ija ya mamita 7 kusiyana kwake sikufika sentimita imodzi, n'chifukwa chake mmisiri angaikhulupirire; koma kuyandikira chinthu si kukhala chinthucho.

Ku China, Liu Hui anachita njira yofanana ndi ya Archimedes m'chaka cha 263, ndipo patapita zaka ngati 200, Zu Chongzhi anasonyeza kuti pai ili pakati pa 3.1415926 ndi 3.1415927, napezanso 355/113, imene ilondola pa manambala 6 a patsogolo pa kadontho. Panapita zaka zoposa 800 wina asanampambane. Ku India, Aryabhata analemba 3.1416 m'chaka cha 499, ndipo cha m'ma 1400 Madhava wa ku Kerala anapeza njira yatsopano, yophatikiza ndi kuchotsera timagawo tomka tichepachepa mosalekeza. Ku Samarkand, al-Kashi anafika pa manambala 16 m'chaka cha 1424. Ludolph van Ceulen, amene anafa ku Leiden m'chaka cha 1610, anathera zaka zambiri za moyo wake pa ntchitoyi, nafika pa manambala 35, ndipo anawalemba pa mwala wa manda ake. Mgiriki, Mchaina, Mmwenye, Msilamu ndi Mkristu, osiyana zilankhulo ndi zipembedzo, onse anapeza nambala imodzimodzi.

KHOMO LIMENE SILITSEKUKA

Onsewa anali ndi funso limodzi mumtima: kodi manambala amenewa adzatha, kapena adzayamba kubwereza monga achitira a 22/7? Yankho linadza m'chaka cha 1761, pamene Johann Lambert anasonyeza kuti palibe nambala ziwiri zathunthu, ngakhale zikule chotani, zimene pogawa ina ndi inzake n'kupeza pai yeniyeni. Tanthauzo lake n'lakuti manambala ake satha ndipo sabwerera m'mbuyo kukayambanso mzere womwewo. Si kuti anthu sanafike pothera pake chifukwa cha ulesi. Pothera pakepo palibe.

Panali funso linanso lochokera kwa Agiriki: kodi munthu angalembe chithunzi cha mbali zinayi zofanana cholingana kukula ndi mkombero, pogwiritsa ntchito rula yopanda miyeso ndi kampasi basi? Anthu osawerengeka anayesa. Wansembe wina wa chipani cha Ayezuiti, Grégoire de Saint-Vincent, anasindikiza buku la masamba oposa 1,000 m'chaka cha 1647, nakhulupirira kuti wakhoza; koma Christiaan Huygens, akali mnyamata, anasonyeza pamene panalakwika. Ngakhale anaphonya chimene ankafuna, m'bukumo munali nzeru zina zoona zimene zinathandiza akatswiri a pambuyo pake. M'chaka cha 1775 bungwe la akatswiri a sayansi la ku Paris linatopa nawo anthu otere, nilinena kuti silidzawerenganso makalata awo. Pomaliza, m'chaka cha 1882, Ferdinand von Lindemann wa ku Germany anapereka umboni wakuti ntchitoyo n'njosatheka konse.

Koma ena safuna kumva. M'chaka cha 1897, dokotala wina wa m'chigawo cha Indiana ku America, Edwin Goodwin, ananyengerera aphungu kuti akhazikitse lamulo lovomereza njira yake, imene inasandutsa pai kukhala 3.2. Nyumba yaing'ono ya malamulo inavomera, popanda ndi mmodzi yemwe wotsutsa. Mwamwayi mphunzitsi wa masamu wa pa yunivesite ya Purdue, Clarence Waldo, anafika kumeneko pa zifukwa zina, nachenjeza a nyumba yaikulu, ndipo iwo anaikankhira pambali nkhaniyo. Lamulolo likadapita, mikombero ya ku Indiana sikadasintha ndi pang'ono pomwe. Akadavutika ndi amisiri ndi ana a sukulu. Choona sichisankhidwa ndi kukweza manja.

Wakhama yemwe angalakwe. William Shanks wa ku England anawerenga pai ndi cholembera kwa zaka zambiri, nalengeza manambala 707 m'chaka cha 1873. Patapita zaka zoposa 70, D. F. Ferguson anapeza kuti cholakwa chinalowa pa nambala ya 528, ndipo onse otsatira anali olakwika. Makina atabwera, liwiro linasintha: kompyuta yotchedwa ENIAC inapeza manambala 2,037 pa maola 70 m'chaka cha 1949, ndipo m'chaka cha 2022 Emma Haruka Iwao, wogwira ntchito ku Google, anafika pa manambala 100 thiriliyoni. Komabe akatswiri a NASA poyendetsa zombo zopita kutali m'mlengalenga agwiritsa ntchito manambala 15 okha, ndipo manambala ngati 40 angakwanire kuyeza kuzungulira kwa thambo lonse looneka, osaphonya ndi kachitsotso koti diso n'kukaona. Otsalawo athandiza poyesa mphamvu ya makina ndi pokhutitsa chidwi cha munthu.

CHIMENE NAMBALAYI IPHUNZITSA

Nicholas wa ku Cusa, amene anabadwa ku Germany m'chaka cha 1401, nadzakhala kadinala ndi episkopi wa ku Brixen, anasinkhasinkha pa njira ija ya Archimedes, natolapo fanizo m'buku lake la m'chaka cha 1440 lotchedwa De Docta Ignorantia. Ganizo lake linali lakuti nzeru za munthu zifanana ndi chithunzi cha mbali zambiri cholembedwa m'kati mwa mkombero, ndipo choona chenicheni chifanana ndi mkomberowo. Mbali zikachuluka, chithunzi chiyandikira mkombero. Koma zingachuluke bwanji, chikhalabe ndi ngodya zake, sichisanduka mkombero. Iye anati ndimo mmene munthu adziwira Mulungu: amdziwa moona, ndipo angathe kumdziwa koposa dzulo, koma sangamtsirize. Chodabwitsa n'chakuti mwini fanizoli anayesanso kulinganiza mkombero ndi chithunzi cha mbali zinayi, ndipo katswiri Regiomontanus anasonyeza kuti njira zake zinaphonya. Kunena za kudzichepetsa n'kwapafupi kusiyana ndi kukuchita.

Pali maenje awiri amene wophunzira angagweremo. Loyamba ndi la wodzikuza, amene waloweza 22/7 nayesa kuti watha zonse, ndipo safuna kuwongoledwa. Mnzake wa dokotala uja wa ku Indiana. Lachiwiri ndi la wotaya mtima, amene pakumva kuti pai ilibe pothera, ati ndiye kuti palibe chodziwika, aliyense anene zake. Onse awiri alakwa. Pai sidziwika yonse, koma chimene chidziwikacho n'chokhazikika: ipambana 3.14, sifika 3.15, ndipo sipadzabadwa munthu wosintha zimenezi. Njira yabwino ndi ya Archimedes, yonena poyera malire a chimene munthu adziwa, ndi kumka nawachepetsa mwakhama, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiponso nzeru ili pa kudziwa muyeso woyenera ntchito. Womanga khola amkwanira 3 ndi kanthu pang'ono. Womanga thanki ya madzi asowa 3.14, woyendetsa chombo cha m'mlengalenga asowa manambala 15. Wotenga ochepa kuposa amene ntchito ifuna aononga zipangizo ndi kunyenga amene anamlemba ntchito. Wotenga ochuluka kopitirira ataya nthawi yake chabe.

ZOTI APHUNZITSI NDI ANA AYESE

1. Ana atenge chingwe ndi rula, ayese mbale, ndowa ndi gudumu la njinga, nagawe kuzungulira kwa chilichonse ndi m'mimba mwake. Mayankho adzasiyana pang'ono. Afotokoze ngati cholakwa chili pa pai kapena pa manja a woyesa.

2. Pabwalo la sukulu alembe mkombero ndi chikhomo ndi luzi, nayale luzilo motsatana m'mphepete mwake, aone ngati lilowadi kasanu ndi kamodzi.

3. Chitsime china chili ndi mita imodzi m'mimba mwake, china mamita 2, ndipo kuya kwa madzi n'kofanana. Chachiwiricho chisunga madzi ochuluka kangati?

4. Chingwe chazinga dziko lonse lapansi pa ikweta, chogona pansi. Tsono afuna kuchikweza mita imodzi kuchokera pansi, ponseponse. Kodi awonjezepo chingwe chotalika bwanji? Ambiri adzayankha kuti makilomita mazanamazana. Mphunzitsi awalole atsutsane kaye, kenaka awakumbutse kuti m'mimba mwa mkomberowo mwangowonjezeka mamita 2 okha, ndipo 2 kuchulukitsa ndi pai ndi mamita 6 ndi masentimita 28.